Za Mwana Wofuna Kusamuka Koleji: Kodi Zaka Zache Zidzamtsata?

Abale anga, atate ndi amai a m'midzi, nkhani ya mwezi uno iri ya ana athu amene apita ku masukulu akuru a Boma. Tsiku limene maina a osankhidwa amveka, pakhomo pakhala nthungululu. Mbuzi igulitsidwa, matumba a mtedza apita kumsika, amalume aponyapo yao, ndipo mwana akwera basi ndi sutikesi yatsopano. Koma pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina pa lamya pamveka mau ena: "Atate, kuno sindikhala ai. Ndifuna kusamukira ku sukulu ina." Kapena maphunziro amene anampatsa sindiwo amene mtima wache unafuna, kapena ndalama za nyumba ndi za chakudya m'tauni ya kutali zamkulira, ndipo afuna kukhala pafupi ndi mbale womsunga, kapena wadwala. Tsono atate, amene sanaonepo m'kati mwa koleji, ayankha monga akadayankhira mwana wa ku pulaimale, nati: "Chabwino mwananga, katenge kalata kwa akuru a sukulu, ukayambire kumeneko pamene walekezera."

Ha! Pamenepo ndi pamene pagona ngozi. Ku pulaimale Sitandade 5 ndi imodzi, ku Mchinji ndi ku Ntcheu chimodzimodzi, pakuti mabuku ndi mayeso achokera ku Boma limodzi. Ku sekondale nakonso mwana wa Fomu 2 akasamuka, akakhala m'Fomu 2. Koma ku yunivesite siziri tero. Kumeneko mwana akhoza kuphunzira zaka ziwiri, nakhoza mayeso onse, koma pofika ku sukulu ina auzidwa kuti ayambire chaka choyamba, monga ngati sanagwirepo buku. Ndalama zija za mbuzi zalowa m'madzi, ndi zaka ziwiri za moyo wache pamodzi. Chifukwa chache ndifuna kuti timvetse bwino m'mene zinthu izi ziyendera, tisanalole mwana kunyamula katundu.

Tiyambe ndi kumene malo aperekedwa. Mu Lilongwe, ku Area 47, kuli maofesi a bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, National Council for Higher Education, limene anthu alitcha NCHE. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2011. Nchito yache ina ndiyo kupenda makoleji ngati ali oyenera kuphunzitsa. Ina ndiyo kusonkhanitsa makalata a ana onse ofuna malo m'mayunivesite a Boma, kuti kusankha kuchitike pamodzi, mwana mmodzi asatenge malo awiri mnzache nkusowa. Mayunivesite a Bomawo lero alipo 6: University of Malawi ku Zomba, Mzuzu University, imene inalandira ophunzira ache oyamba mu 1999, ya zaulimi ya LUANAR kuno ku Lilongwe, MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, MUBAS ku Blantyre, ndi ya zaumoyo ya KUHeS. Wopempha malo ayenera kukhala atakhoza bwino maphunziro 6 pa mayeso a MSCE, Chingerezi chiri momwemo.

Taonani tsono chinthu chimene makolo ambiri sachidziwa. Mwana sapatsidwa malo "ku yunivesite" chabe. Apatsidwa mpando umodzi, m'maphunziro amodzi, pa sukulu imodzi. Wosankhidwira zauphunzitsi ku Mzuzu alibe mpando m'kalasi ya zamalonda ku Blantyre. Mpando umenewo unapatsidwa kale kwa wina. Ndipo popeza ana okhoza MSCE achuruka kwambiri koposa mipando, kalasi iri yonse iyamba yodzala. Bungwe la ku Area 47 lithandiza pakhomo lolowera. Koma mwana akalowa, kumlandira kwina ndi kumwerengera zaka zache kuli m'manja mwa bwalo la aphunzitsi akuru a sukulu yomlandirayo, limene alitcha Senate. Bwalo limenelo liyang'ana kalata ya malikisi ache, lifananiza phunziro ndi phunziro, ndipo likhoza kubvomera zonse, kapena zina, kapena kukana. Munthu akasamuka mudzi, anyakwawa amlembera kalata yomchitira umboni. Koma kalatayo siikakamiza mfumu ya tsidya lija kumpatsa munda. Kalata ya malikisi nayonso iri chomwecho.

Kale sizinali zolimba chotere, ndipo pano ndichedwapo pang'ono, pakuti mbiri yache itiphunzitsa zambiri. Yunivesite yoyamba ya dziko lino inatsegulidwa ku Chichiri mu Blantyre m'chaka cha 1965, ndi ophunzira 90 okha. Pofika 1967 inali ndi makoleji 5 pansi pa denga limodzi: Chancellor College, Polytechnic, Bunda, koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill, ndi sukulu ya nchito za Boma ya ku Mpemba. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu Zomba, ndipo Soche Hill ndi Mpemba zinalowa m'menemo. Aphunzitsi ndi ophunzira anapita limodzi. Mu 1979 panaonjezedwa koleji ya anamwino ya Kamuzu kuno ku Lilongwe. Makoleji onsewa anali ngati nyumba za akazi apachibale pa mudzi umodzi: mafuwa osiyana, koma mwini mbumba mmodzi. Senate inali imodzi, ndipo chimene inabvomera ku Zomba sichinakanidwe ku Blantyre.

Potero kuchoka m'phunziro lina kulowa lina kunali njira yoikika. Wofuna zamalamulo sanali kulowa molunjika kuchokera ku sekondale. Anayamba waphunzira chaka m'maphunziro ena, ndipo akakhoza bwino ndi pamene analoledwa kupempha. Ku Bunda ndi ku Polytechnic ambiri anayamba ndi dipuloma ya zaka zitatu, ndipo opambana anapitirira kukatenga digiri. Koma chitsanzo choposa zonse ndi cha madokotala athu oyamba. Dziko lino linalibe sukulu ya udokotala kufikira 1991. Kuyambira mu 1986 Boma linatumiza anyamata ndi atsikana ku St Andrews m'dziko la Scotland, kukaphunzira za thupi la munthu. Kuchoka kumeneko anapita ku zipatala za ku London. Ndipo pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, anabwera kudzatsiriza pa chipatala cha Queen Elizabeth, nalandira udokotala mu 1992. Ena anadzera ku Australia, ena ku Cape Town. Onani, mwana mmodzi masukulu atatu, maiko awiri, ndipo chaka chiri chonse chinawerengedwa! Chinsinsi chache nchiani? Akuru a masukuluwo anapangana mwana asananyamuke. Anadziwa chimene adzaphunzira uku ndi chimene adzatsiriza uko. Pambuyo pache, maphunziro onse atayamba kuchitikira m'dziko muno, ambiri analowa udokotala atayamba aphunzira zasayansi ku Chancellor College, ndipo kumenekonso kunali kusamuka kokonzeratu.

M'zaka zapitazi chimene chasamuka kwambiri si ophunzira ai, koma makoleji eni ache. Mu 2012 Bunda inachoka mu University of Malawi, niikhala mutu wa LUANAR. Mu 2014 Natural Resources College, imene iri cha ku msewu wa ku Mchinji, inalowa mu LUANAR momwemo. Ndipo pa 4 May 2021 mudzi wakale uja unagawikana: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi koleji ya anamwino zinapanga KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Ana ambiri analowa pachipata chiri ndi dzina lina, natsiriza maphunziro chiri ndi dzina lina, osasuntha ngakhale mphasa yao. Ine sinditsutsa kugawikanako. Sukulu iri yonse tsopano idziyendetsa yokha, isadikira chilolezo cha ku Zomba pa kanthu kali konse, ndipo mipando yachuruka. Koma tisabise: pamene panali Senate imodzi tsopano pali zinai, ndipo poonjeza Mzuzu ndi MUST zikwana 6. Mpanda uli wonse watsopano uli ndi chipata chache ndi mlonda wache. Mwana wochoka ku Zomba kunka ku Blantyre, amene kale anali kungosintha nyumba pa mudzi womwewo, lero afika ngati mlendo.

Chifukwa chache kusamuka kwa m'mbali, kuchoka pa yunivesite ina kunka ku inzache pakati pa maphunziro, ndi khwalala lopapatiza. Koma iripo njira ina yotakata, imene anthu ambiri ayendamo, ndiyo ya kukwera. Ndifuna kuti muimvetse, pakuti ndi imene ingatonthoze banja limene mwana wache dzina silinamveke.

Pansi pa mayunivesite pali makoleji a Boma opereka dipuloma. Natural Resources College iphunzitsa alangizi a zaulimi, a ziweto, a ulimi wothirira ndi a kadyedwe koyenera. Domasi College of Education, ku Zomba, yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a sekondale kuyambira mu 1993, ndipo inzache ya Nalikule, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, inatsegulidwa mu 2017. Malawi College of Health Sciences, imene iri ndi nthambi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba, iphunzitsa anamwino ndi madokotala othandiza aja timawapeza m'zipatala za m'maboma. Munthu wotsiriza m'makoleji amenewa, nagwira nchito zaka zingapo, akhoza kupempha malo ku yunivesite pa khomo la akuru, losiyana ndi lija la ana ochokera ku Fomu 4. Akalandiridwa, kawirikawiri sayambira pansi; ena ayambira chaka chachiwiri, ena chachitatu, monga mwa lamulo la phunzirolo. Mlangizi wa dipuloma ya ku Natural Resources College akwera kunka ku Bunda. Mphunzitsi wa ku Domasi akatenga digiri ya zauphunzitsi. Dokotala wothandiza akazama pa za opaleshoni, za ana kapena za amai ku KUHeS. Ena sachoka nkomwe pa nchito, aphunzira ali kwao ndi kumapita kukakomana ndi aphunzitsi pa nthawi zoikika, monga achitira ku Mzuzu University ndi ku nthambi ya LUANAR ya mumzinda muno.

Njira imeneyi iyenda chifukwa chomwe chija cha madokotala a 1991: ya pamwamba idziwa chimene ya pansi iphunzitsa. Bunda ndi Natural Resources College tsopano ziri pansi pa Senate imodzi, ndipo pamenepo ine ndiona kuti kulumikiza kwa 2014 kunachitira zabwino ana a alimi, ngakhale anthu sakukamba kwambiri za icho. Koma musayese kuti njirayo njaulere. Itenga zaka zambiri koposa kulowa molunjika, ndipo munthu aidzera ali kale ndi banja ndi ana ofuna fizi. Afunikanso kuti dipuloma yache ikhale yokhoza bwino, ndi kuti igwirizane ndi digiri imene afuna. Wa dipuloma ya ziweto asayembekeze kuti adzamwerengera zaka m'kalasi ya zamalamulo. Amene abvutika koposa ndi ana a m'masukulu a nchito za manja, monga Lilongwe Technical College ndi makoleji a m'madera amene Boma linayamba kutsegula mu 2015. Mmisiri wa magetsi kapena womanga akhoza kudziwa nchito koposa mwana wa chaka choyamba cha zauinjiniya. Koma makalata ache ayesedwa ndi muyeso wina, ndipo makwerero ochokera kumeneko kunka ku digiri ali ndi mipata yotalikirana.

Nanga maiko ena achita bwanji? Pano tiri ndi mboni ziwiri za kwathu konkuno. Woyamba ndi Legson Kayira, mnyamata wa ku Chitipa wophunzira ku Livingstonia, amene ananyamuka pansi mu 1958 kufuna sukulu, nayenda kupyola Tanganyika ndi Uganda kufikira ku Khartoum. Ali ku Kampala anapeza m'buku dzina la Skagit Valley College, koleji yaing'ono ya Boma ya zaka ziwiri m'chigawo cha Washington ku America. Anailembera kalata, ndipo inamlandira. Anafikako kumapeto kwa 1960. Atatsiriza pamenepo anakwera kunka ku University of Washington, natenga digiri mu 1965, kenaka anapita ku Cambridge. Koleji yaing'onoyo inali khomo, ndipo zaka zache za pamenepo sizinataike. Wachiwiri ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Iye anayamba pa Indiana University, nasamukira ku University of Chicago kumene anatsiriza mu 1931, natenga udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Koma pofuna kugwira nchito m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, makalata a ku America sanakwanire. Anayenera kukakhalanso pa benchi ku Edinburgh kufikira 1941. Munthu mmodzi anaona zonse ziwiri: kusamuka kumene zaka zimtsata, ndi kusamuka kumene ngakhale udokotala wathunthu uima pachipata.

Ku America kusamuka ndi chinthu cha masiku onse. Bungwe lao losunga maina a ophunzira, National Student Clearinghouse, linapeza kuti mwa ana amene analowa koleji mu 2011, okwana 38 pa 100 ali onse anasintha sukulu zisanathe zaka 6. Ambiri ayamba pa koleji ya zaka ziwiri ya pafupi ndi kwao, yotsika mtengo, agona kwa makolo, ndipo atsiriza pa yunivesite. Chiwerengero cha osamuka chinatsika m'zaka za mliri wa Covid, 2020 ndi 2021, ndipo chinayambanso kukwera mu 2023. Koma musaganize kuti kumeneko kulibe kulira. Mu 2017 ofesi ya Boma lao yopenda kayendedwe ka chuma, Government Accountability Office, inaulula kuti osamuka anataya pafupifupi magawo 43 pa 100 a zimene anaphunzira kale. Ngakhale ochoka pa sukulu ya Boma kunka ku inzache ya Boma anataya magawo 37. Ngati dziko la chuma chotere litaya thukuta la ana ache motero, nanga ife amene fizi tiipeza pa khasu?

Chimene chithandiza kumene zinthu ziyenda bwino ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi muyeso umodzi. Makolo athu pofuna kuwerenga masiku a ulendo anali kumanga mfundo pa chingwe. Momwemonso masukulu awerengera phunziro liri lonse mfundo zache, monga mwa maola amene mwana ataya pa ilo. Azitcha makirediti, koma musazisokoneze ndi kirediti ya pa MSCE, imene iri chizindikiro cha kukhoza bwino. Ku Ulaya anayamba muyeso wao wa ECTS mu 1989: chaka chathunthu ndi mfundo 60, kaya ku France kaya ku Poland. Ku South Africa mfundo imodzi ndi maola 10, chaka ndi mfundo 120, ndipo mu 2014 anaika lamulo la kusunga ndi kusamutsa mfundozo. Komabe salola kuti munthu atenge zoposa theka la mfundo za kalata imene anatsiriza kale kukamangira kalata ina. Fodya akayesedwa pa sikelo imodzi, mlimi ndi wogula sakangana za kulemera kwache. Chachiwiri, ndipo ichi ine ndichiyesa chachikuru, ndi mpando. Ku California, m'pangano lao la 1960, anaika kuti mayunivesite a Boma asiye dala malo m'zaka zomaliza, kuti ochokera m'makoleji ang'ono apeze pokhala. Pakuti kuli phindu lanji kumuuza mwana kuti mfundo zache nzabwino, pamene kalasi ya chaka chachitatu yadzala kufikira pakhomo? Akuru athu a ku Area 47 ndi a m'mayunivesite 6 aja akafuna kuthandiza mwana wa mlimi, apangane poyera, alembe kuti dipuloma yakuti ilowetsa m'chaka chakuti cha digiri yakuti, ndi kuti mipando yosungidwa iri yakuti. Pepalalo lipachikidwe pamene mwana wa Fomu 4 angaliwerenge asanasankhe.

Tsono tibwere pakhomo panu, pamene lamya ija yalira. Musayambe ndi kukalipa, pakuti mwana wonena kuti afuna kusamuka nthawi zambiri ali ndi chinthu china chimene achita nacho manyazi. Mumfunse modekha, pali amai ache kapena amalume. Ngati ndi njala kapena nyumba, mankhwala ache sakhala kusamuka; kukhoza kukhala kotchipa kumtumizira ufa ndi nyemba mwezi ndi mwezi koposa kulipiranso chaka choyamba kwina. Ngati ndi matenda kapena maliro, masukulu ali ndi lamulo lakuti mwana apemphe kupuma, mpando wache usungidwe, adzabwerere. Koma ayenera kulemba kalata ndi kulandira yankho, asangochoka usiku ngati wothawa ngongole. Ngati ndi phunziro limene salikonda, ayambe wafunsa ngati angasinthe pa sukulu yomweyo, makamaka m'masabata oyamba a chaka choyamba, pakuti pansi pa Senate imodzi zinthu zipepuka. Ndipo ngati walephera mayeso ndipo aopa kuchotsedwa, apa chenjerani koposa. Munthu wochotsedwa chifukwa cha kulephera sakhala wosamuka, ndipo zilengezo zambiri za mayunivesite zanena poyera kuti wotere salandiridwa. Mwana wina abisa zimenezi, nanena kuti "ndifuna kusamuka" pamene dzina lache lafufutidwa kale. Mumuuze akuonetseni kalata ya malikisi. Ngati simudziwa kuiwerenga, aphunzitsi a pa sukulu ya m'mudzi mwanu akuwerengereni.

Zikaoneka kuti kusamuka nkoyeneradi, safunsa anadya phula. Mwana apite kwa mlembi wamkuru wa sukulu imene afuna, amene amtcha Registrar, atatenga kalata ya malikisi ndi mndandanda wa zonse anaphunzira, ndipo afunse kuti adzayambira chaka chiti, ndi maphunziro ati amene adzamkhululukira. Yankho likhale lolembedwa, la chidindo. Mau a pakamwa a kalaliki, ngakhale a mnzache amene "adziwa munthu m'katimo", sayenera kugulitsitsa ng'ombe. Asabweze kiyi wa chipinda chache kufikira kalata yomlandira iri m'manja. Mbande ya fodya siizulidwa pa nazale phando lisanakumbidwe ndi mvula isanagwe.

Palinso nkhani ya ngongole ya Boma. Kuyambira mu 2015 liripo bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ndalama ya fizi iperekedwa ku sukulu imene mwana analembetsa, ndipo imene yadyedwa kale ikhala ngongole, ngakhale chakacho chikanidwe kwina. Potero wobwerera ku chaka choyamba adzabweza ya zaka zotaikazo pamodzi ndi ya zatsopano. Afunse ku bungwelo ngati thandizo lidzamtsata, asanasunthe.

Chotsiriza chikhudza iwo amene, posowa malo a Boma, anayamba pa koleji ya eni ndi chiyembekezo chakuti adzadumphira ku yunivesite ya Boma mtsogolo. Makoleji a eni ena ngabwino ndithu. Koma ena angobwereka nyumba m'tauni ndi kupachika chikwangwani. Pali zinthu ziwiri zosiyana: koleji kukhala yolembetsedwa, ndi phunziro lache kukhala lobvomerezedwa. Koleji ikhoza kukhala m'kaundula, koma phunziro limene mwana wanu alowa lisanapendedwe. Ndipo Senate ya yunivesite ya Boma siingawerenge mfundo zochokera m'phunziro lotere. NCHE isindikiza maina a makoleji ndi a maphunziro obvomerezedwa m'manyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo mainawo asintha, ena alowa ena achotsedwa. Musadalire pepala la chaka chatha limene mwini koleji akuonetsani. Amene muli ndi mbale mu Lilongwe, mtumeni akwere minibasi ya ku Area 47 tsiku la nchito, atalemba pa pepala dzina la kolejiyo ndi dzina la phunzirolo monga liri pa kalata, akafunse pa ofesi pomwepo, fizi ya teremu yoyamba isanaturuke m'nyumba.